Kompyuta Ikusuzumira M'thumba Mwathu

A Wapampando, aphunzitsi athu opuma, ndi anzanga nonse amene tinadyera limodzi mgaiwa ndi nyemba zofumbwa zija, ndikuthokozani pondipatsa mpata uwu.

Tikakumana chotere timayang'anana nsapato ndi magalimoto kuti tidziwe amene zikumuyendera. Masiku ano kuli makompyuta amene amangowerenga mau athu n'kuyerekeza ndalama zimene timalandira.

M'chaka cha 2015, akatswiri a ku University of Pennsylvania ndi anzao ena anatenga anthu 5,191 olemba pa Twitter, imene tsopano ikutchedwa X. Anaona ntchito imene aliyense anadzitchula nayo, nafufuza malipiro a ntchitoyo ku Britain, ndipo anaphunzitsa kompyuta kulumikiza kalembedwe ka munthu ndi malipiro ake. Anapeza kuti olandira zambiri amakonda kulemba za ndale ndi za makampani, ndipo mau ao amaonetsa mkwiyo ndi mantha koposa. Olandira zochepa amakonda kucheza za moyo wao, komanso amatukwana kawirikawiri. Ena a ife pagulu lathu la WhatsApp tidzifunse tokha mbali imene tili!

Monga wogwira ntchito m'boma, chimene chandigwira mtima n'chimene chinachitika ku Togo mu 2020, nthawi ya Covid-19. Boma la kumeneko, pamodzi ndi bungwe la GiveDirectly, linafuna kupatsa ndalama osaukitsitsa a kumidzi kudzera mu ndondomeko ya Novissi, koma linalibe kaundula watsopano wa mabanja. Kumeneko sanawerenge zolemba za anthu. Anaona mmene munthu amagwiritsira ntchito foni yake: kuimba kangati, kwa nthawi yaitali bwanji, kugula mayunitsi a ndalama zingati. Amene kompyuta inamuona kuti ndi wosauka analandira ndalama pa foni pomwepo, popanda kukagwada kwa wina aliyense.

Amene munakhalapo pa msonkhano wosankha olandira Mtukula Pakhomo mukudziwa madandaulo a kukondera amene amabuka, ndipo mungathe kuisirira njira imeneyi. Inenso ndinaisirira. Koma kompyutayo imaona okhawo amene ali ndi foni. Gogo wolera ana amasiye, amene amabwereka foni ya mdzukulu wake kamodzi pa mwezi, kompyuta siimudziwa, pamene komiti ya m'mudzi imadziwa ngakhale mbali imene denga lake limadontha.