Kufesa Mbeu za Ndiwo pa Nazale

Madzulo ano ndifuna kukamba nanu za nazale, ndiko kuti kamunda kofesapo mbeu za ndiwo zisanaokedwe m'dimba.

Mphepo ya June ndi July yapita, ndipo posacedwa mitengo ya m'thengo idzaphuka masamba ofiira. Inu amai mudziwa kuti dzuwa la October likakula, ndiwo zamasamba zisowa ndipo mtengo wace ukwera pamsika. Munthu amene afesa m'August muno, ana ace adzadya repu wa kuseri kwa nyumba, ndipo malipiro ace adzagwira nchito zina.

Koma ambiri adandaula nati, "Ndinafesa, zinamera bwino, koma zinagwa zonse." Ena aneneza wasitolo, ena aganizira mnansi. Kawirikawiri colakwa ciri m'manja mwathu: tifesa mothithikana ndi kuthirira mopitirira. M'nthaka muli tizirombo ta mtundu wa nkhungu, tosaoneka ndi maso, timene tikonda cinyontho. Mbande zikapanikizana posapita mphepo, tizirombo timeneti tiolesa tsinde pamene likhudzana ndi dothi, ndipo mbande igwa.

Tsono citani motere. Poyamba yesani mbeu zanu, makamaka zotsala caka catha. Kulungani njere 10 m'kansaru konyowa. Zikamera 7 kapena kuposa patapita mlungu umodzi, mbeuzo ziri bwino.

Sankhani malo a pafupi ndi madzi, pamene panalibe matimati, mbatatesi kapena fodya, pakuti mbeu izi zisiya nthenda m'nthaka. Undani bedi la mita 1 m'lifupi, kuti dzanja lifike pakati osapondapo, ndipo likwezeke masentimita 15. Sakanizani dothi ndi manyowa oola bwino. Aawisi atentha mizu. Ku migodi nthaka yambiri iri yowawasa cifukwa ca mvula yocuruka, motero phulusa la nkhuni pang'ono lithandiza.

Lembani mizere ndi cala, yotalikirana masentimita 10 kufikira 15, yosazama kuposa sentimita 1. Njere zikhale patalipatali. Mukazisakaniza ndi mcenga wouma sizidzaunjikana. Kwirirani pang'ono, phimbani ndi udzu wouma wopanda njere, ndipo thirirani ndi citini cobooledwa ndi msomali. Nthawi yabwino ndi m'mawa musanapite ku nchito. Ngati muli pa nchito ya usiku, uzani mwana mmodzi, osati onse, kuti bedi lisamwe kanai pa tsiku.

Repu ndi kabici zimera msanga, matimati pa masiku 5 kufikira 10, koma tsabola acedwa, nthawi zina milungu 2 kapena 3, musataye mtima. Zikangomera, cotsani udzu uja ndi kumanga kathandala ka mthunzi wopepuka. Zopanikizana zizuleni, ngakhale mtima uwawe.

Patapita milungu 4 kapena 5, mbande zikakhala ndi masamba 4 kapena 5, zayandikira kuokedwa. Mlungu wotsiriza cepetsani madzi ndi kucotsa mthunzi kuti zizolowere dzuwa. Okani madzulo, mutanyowetsa bedi, ndipo zulani pamodzi ndi dothi la ku mizu.

Kumbukiraninso kuti si zonse zifuna nazale. Karoti, nyemba, therere ndi maungu sizikonda kusunthidwa. Zibzaleni pomwe zidzakulira. Anyezi ayembekeze March kapena April.

Abale anga, bedi limodzi losamalidwa bwino likwanira banja lonse, ndipo mbande zotsala mungathe kugawira anansi kapena kugulitsa. Pa Loweruka lino gwirani khasu. Tsalani bwino nonse.