Kugula Nyumba mu Mzinda wa Lilongwe

(Mau amene ananenedwa pa msonkhano wa alimi ndi aziphunzitsi ku Nambuma)

Anthu ambiri a kuno ku Nambuma amadziwa Lilongwe cifukwa ca fodya amene amatumiza ku okushoni ku Kanengo. Koma mlimi kapena mphunzitsi amene afuna kugula nyumba kumeneko ayenera kuyamba wadziwa m'mene mzindawo unakhalira.

Lilongwe anasanduka likulu la dziko m'caka ca 1975. Pa kalembera wa 2018 munapezeka anthu 989,318 a mitundu yosiyana: Acewa, Angoni, Ayao, Alomwe, Atumbuka, Amwenye, Azungu ndi ena. Mzindawo unagawidwa m'zigawo zochedwa Area, koma nambala sinena kumene malo ali, pakuti Area 10 inagundizana ndi Area 43.

Kum'mwera kuli Old Town, kumene mtsinje wa Lilongwe upyola pakati. Uko kuli msika waukulu, depoti ya basi ndi masitolo a Amwenye. Pafupi pace pali Kawale, Biwi ndi Mchesi, kumene nyumba nzothinana ndipo mtengo wace ngwotsikirapo. Cakumpoto kuli City Centre ndi Capital Hill, kwa maofesi a Boma, ndi nyumba zazikulu za anthu acuma ku Area 10, 12 ndi 43. Kupitirira apo kuli mafakitale a Kanengo, ndi Area 25 kumene kukhala anchito ambiri.

Ku Mtandire, Mgona ndi Chinsapo anthu anamanga okha popanda pulani. Malo kumeneko ngosakwera mtengo, koma ambiri alibe mapepala, ndipo ena ali m'mphepete mwa madzi. Mu February 2017 mtsinje wa Lingadzi unasefukira nugwetsa nyumba ku Mtandire.

Tsono wogula acite zinthu zitatu. Coyamba, akaone nyumbayo nthawi ya dzinja, kuti adziwe kumene madzi amayenda. Caciwiri, awerengere ndalama za minibasi kucokera pamenepo kufika ku nchito, ku sukulu ndi ku cipatala. Cacitatu, afunse mwini nthaka, kapena ndi Unduna wa za Malo, kapena Malawi Housing Corporation, kapena Khonsolo ya Mzinda. Kalata ya wogulitsa payokha sikwanira. Asanapereke ndalama, apite ku ofesi imeneyo akaone ngati dzina la wogulitsayo linalembedwadi m'mabuku ao.

Ndalama za fodya zimene munthu wasunga zaka zambiri zikhoza kutha tsiku limodzi m'manja mwa wonyenga. Makolo anati safunsa anadya phula.