Mitengo ndi Ana a Sukulu ku Makanjira

Dera la Mfumu Makanjira lili kum'maŵa kwa nyanja ya Malaŵi, m'boma la Mangochi, kufupi ndi malire a dziko la Mozambique. Anthu ambiri kumeneko amadalira usodzi ndi ulimi. Mwana wa ku Makanjira amadziŵa usipa, utaka ndi chambo asanadziŵe kulemba dzina lake. Chimene ayenera kuphunzitsidwa msanga ndi chakuti chuma cha m'nyanjacho chimadaliranso mitengo ya kumtunda.

Bwato la msodzi limasemedwa kuchokera ku mtengo waukulu umene unatenga zaka makumi angapo kuti ukule. Nkhafi ndi mtengo, thandala loyanikapo usipa ndi mitengo, ndipo nsomba zoŵamba zimadya nkhuni zambiri. Mitengo ikatha pafupi, nkhuni zimachokera kutali, mtengo wake umakwera, ndipo phindu la msodzi limachepa. Aŵa ndi masamu amene mphunzitsi angaŵalembe pa bolodi, ana n'kuŵamva bwino chifukwa amaŵaona kwao tsiku ndi tsiku.

Phunziro lachiŵiri lili m'mapiri. Kum'maŵa kwa msewu wochokera ku Mangochi kuli nkhalango yotetezedwa ya Namizimu, kumene kumachokera mitsinje yotsikira kunyanja. Mizu ndi masamba ogwa zimachedwetsa madzi a mvula kuti aloŵe pansi. Phiri likakhala lambee, madzi amatsika mwaukali, kukokolola minda ndi kugumula milatho. Msewu wa ku Makanjira ukaduka, odwala amavutika kufika kuchipatala cha boma ku Mangochi, ndipo nsomba zimaonongeka zisanafike kumsika. Matope okokolokawo akaloŵa m'nyanja amakwirira malo amene chambo chimaswanirana, ndi ndere za pamiyala zimene mbuna zimadya.

Nkhani yodzala mitengo si yachilendo m'dziko muno. Tsiku lodzala mitengo linakhazikitsidwa m'chaka cha 1976, ndipo linkachitika pa 21 Januwale. Pambuyo pake boma linaika nyengo yathunthu, kuyambira pa 15 Disembala kufikira pa 15 Epulo. M'chaka cha 2016 dziko la Malaŵi linalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo oguga pofika chaka cha 2030. Koma mbande zambiri zodzalidwa pa mwambo zimafa mvula ikangotha, chifukwa cha mbuzi, chiswe, moto wolusa ndi kusoŵa wozisamala.

Apa ndi pamene sukulu iyenera kusiyana ndi mwambo wa tsiku limodzi. Ana akhale ndi nazale yawo, afese mbewu m'nyengo yachilimwe, ndipo aoke mbande mvula itakhazikika. Kalasi iliyonse ikhale ndi mzere wake ndi kope lolembamo. Pakutha pa chaka aŵerenge mitengo imene yapulumuka, osati imene inadzalidwa, ndipo afufuze chimene chinapha inayo.

Aphunzirenso ntchito ya mtengo uliwonse. Msangu umayoyola masamba nthaŵi ya dzinja, motero suphimba chimanga, koma umachipatsa chonde. Mlambe, bwemba ndi mango zimapatsa zipatso zodya ndi zogulitsa. Mbaŵa ndi mlombwa zimachedwa kukula, koma matabwa ake ndi amtengo wapatali. Komanso chitsa cha mtengo wachilengedwe chikaphukira, kuchitengulira ndi kuchiteteza ku moto n'kosavuta kuposa kudzala mbande yatsopano.

Mphunzitsi sangathe yekha. Alangizi a zankhalango, mafumu, mashehe a m'mizikiti ndi m'madrasa, atsogoleri a mipingo ndi makomiti a asodzi a m'madooko ali ndi mbali yawo. Kholo lomangirira mbuzi zake kuti zisadye mbande za pasukulu laphunzitsa mwana wake koposa buku.

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Mwana wa Sitandade 5 amene adzala mango chaka chino angathe kudya zipatso zake asanamalize sekondale. Mbaŵa imene adzala pambali pake idzapatsa ana ake matabwa a chitseko ndi a boti lophera nsomba.