Mpweya Ndi Amana: Tisazunze Anansi Athu Ndi Utsi

Chidule cha khutba ya Jumu'ah

Tikuyamika Allah amene amatipatsa mpweya usana ndi usiku popanda kutilipiritsa kanthu. Madalitso ndi mtendere zikhale kwa Mtumiki wake Muhammad (SAW), akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, tikulangizana kumuopa Allah pa zooneka ndi zobisika. M'mwezi wa Ramadhan timatha kukhala tsiku lonse osadya ndi osamwa, koma palibe amene angathe mphindi zochepa osapuma. Munthu wamkulu amapuma pafupifupi ka 20,000 tsiku lililonse. Mtendere waukulu chotere ndi amana, chinthu chimene tasungitsidwa ndipo tidzafunsidwa nacho pa tsiku la Kiyama.

Ambiri a ife kuno kunyanja tili ndi ana ndi abale ku Lilongwe. Anachoka ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota kukagulitsa usipa ndi utaka, kukasoka zovala kapena kukayendetsa kabaza, ndipo amakhala nyumba za lendi ku Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23, Area 25 ndi Mgona. Tikawaimbira foni timafunsa za malonda ndi za swala, ndipo n'zoyenera. Lero tifunsenso za mpweya umene adzukulu athu akupuma kumeneko.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 990,000 mumzinda wa Lilongwe. Mabanja ambiri mumzindamo amaphikira makala, ndipo ochuluka mwa makalawo amachokera ku nkhalango ya Dzalanyama, komwenso kumayambira mtsinje wa Lilongwe. Dzuwa likamalowa, mbaula zimayaka khomo ndi khomo, m'nyumba zothithikana. Pa utsi umenewo onjezanipo wa zinyalala zotenthedwa kuseri kwa nyumba ndi m'misika, wa majumbo ndi matayala, wa mauvuni a njerwa, wa maminibasi akale, ndiponso wa magalimoto akuluakulu opita ku mafakitale a ku Kanengo, kufupi ndi Mgona ndi Area 25. M'miyezi ya Juni ndi Julayi mpweya wozizira umakhazikika pansi, ndipo utsi m'malo mokwera umayanga pa madenga mpaka dzuwa litatentha. Ikafika Seputembala ndi Okotobala, fumbi la misewu yopanda phula limalowa m'mbale ndi m'mphuno.

Madokotala amatiuza kuti choopsa kwambiri mu utsi ndi tizidutswa tosaoneka ndi maso, timene amatitcha PM2.5. N'tating'ono kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi pafupifupi ka 30. Mphuno singatitchinge; timatsikira m'mapapo mpaka kulowa m'magazi. Kumeneko timayambitsa kapena kukulitsa chibayo, mphumu, matenda a mtima, sitiroko ndi khansa ya m'mapapo. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limawerengera kuti mpweya woipa umapha anthu pafupifupi 7 miliyoni chaka chilichonse, ndipo mu 2020 utsi wa m'nyumba wokha unapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni. Ovutika kwambiri ndi amayi amene amakhala pamoto, makanda amene ali kumbuyo kwawo, ndi okalamba. Ife a kunyanja sitili kutali ndi zimenezi, pakuti amayi athu owamba nsomba amaswera mu utsi womwewo.

M'Qur'an yolemekezeka, Surat Ar-Rum imatiphunzitsa kuti kuonongeka kwa pamtunda ndi panyanja kumadza ndi zochita za manja a anthu, ndipo Surat Al-Baqarah imatiletsa kudziponya tokha ku chionongeko. Imfa ndi ya Allah, palibe wokana. Koma yemwe anaika imfa ndi Yemweyo amene anatilamula kusamala moyo.

Pali phunziro lalikulu m'kafukufuku amene anachitika m'dziko lathu lino, ku Chikwawa ndi ku Karonga, pa ana oposa 10,000, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2016. Mabanja ena anapatsidwa mbaula zamakono zotulutsa utsi wochepa, komabe chibayo mwa ana awo sichinachepe. Chimodzi mwa zifukwa zimene ofufuzawo anaganizira n'chakuti ana amapumanso utsi wochokera kwina, monga wa zinyalala zotenthedwa. Abale, utsi sudziwa mpanda. Munthu atha kusesa pakhomo pake, koma sangasese mpweya payekha. Mutu umodzi susenza denga.

Apa ndi pamene nkhaniyi imakhudza Imani yathu. Mtumiki (SAW) anaphunzitsa kuti chikhulupiriro cha munthu sichikwanira ngati mnansi wake sali pamtendere ndi zoipa zake. Tsono taganizani za Msilamu amene waswali Asr pamzere woyamba, n'kupita kwawo kukayatsa mulu wa mapulasitiki pansi pa zenera la mnansi amene mwana wake ali ndi mphumu. Iye akuti akuyeretsa pakhomo, koma uve wake wangousamutsira m'chifuwa cha mwana wa mnzake. Tohara imene timaiphunzira ku madrasa siithera pa udhu ndi zovala zoyera.

Khutba yachiwiri

Asilamu anzathu, tichite chiyani? Choyamba, tisagone ndi mbaula yoyaka m'nyumba yotseka, ngakhale kuzizire bwanji. Makala amatulutsa mpweya wapoizoni wa carbon monoxide, wopanda fungo ndi mtundu, umene umapha munthu ali m'tulo. Mtumiki (SAW) atamva za nyumba ina imene inapsa usiku ku Madina, analamula kuti moto uzizimitsidwa anthu akamapita kogona. Sunnah imeneyi ikupulumutsa miyoyo mpaka lero. Wina akamva mutu, chizungulire ndi nseru ali pafupi ndi mbaula, mutulutseni panja msanga ndipo muthamangire naye kuchipatala.

Chachiwiri, tiphikire panja kapena podutsa mphepo, tiyatse moto popanda jumbo kapena zidutswa za silipasi, tigwiritse ntchito nkhuni zouma, ndipo khanda likhale patali ndi utsi. Amuna, khitchini ya zenera ndi udindo wathu, monga momwe ufa ndi ndiwo zilili udindo wathu.

Chachitatu, tileke kutentha mapulasitiki. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, ndipo khoti lalikulu la Supreme linavomereza chiletsocho mu 2019. Tinyamule dengu kapena thumba lathu popita kumsika. Masamba ndi makoko tikwirire kuti zikhale manyowa a dimba.

Chachinayi, mwana akamapuma mofulumira, nthiti zikulowa m'kati, tisadikire kuti kuche kawiri. Zipatala za ku Kawale ndi ku Area 25, komanso chipatala chachikulu cha Kamuzu Central, zilipo chifukwa cha zoterezi. Dua ndi mankhwala ziyendere limodzi.

Chomaliza, makomiti a mizikiti akhale patsogolo. Akhale pansi ndi mafumu a m'matauni, makhansala ndi anansi athu a zipembedzo zina, apemphe khonsolo ya mzinda kuti izichotsa zinyalala, ndipo adzale mitengo pa mizikiti ndi pa madrasa. Mtumiki (SAW) anatiphunzitsa kuti kuchotsa chopweteka panjira ndi sadaka, kudzala mtengo ndi sadakanso.

Uthengawu tiufikitse kwa ana athu ku Lilongwe, ndipo tiyambe kuutsata ife eni kuno kwathu. Tikupempha Allah achize odwala athu, ateteze makanda athu, atikhululukire pamene tazunza anansi mosadziwa, ndipo atipange kukhala osunga amana. Ameen.