Magazi Operekedwa ku Chipatala Amatichenjeza za Matenda a Udzudzu

Lero tikambirana za magazi amene anthu amapereka ku chipatala, ndi m'mene amathandizira a zaumoyo kudziŵa msanga kuti mliri wa matenda a udzudzu wayamba.

Munthu angathe kukhala ndi tizilombo m'thupi mwake koma osamva kudwala. Wotereyu sapita ku chipatala, motero palibe amene amadziŵa za iye. Koma akapereka magazi, magaziwo amapimidwa, ndipo tizilombo timaoneka. Opezeka nato akayamba kuchuluka m'dera limodzi, ndiye kuti udzudzu wa kumeneko uli kufalitsa matenda, ngakhale odwala asanachuluke.

Ku America kachilombo ka West Nile kanaoneka mu mzinda wa New York m'chaka cha 1999. Mwa anthu 10 amene amakatenga, pafupifupi 8 samva kanthu. Mu 2002 anthu 23 anakatenga polandira magazi, choncho mu 2003 anayamba kupima magazi onse operekedwa. Wopereka magazi akapezeka nako, a zaumoyo amadziŵitsidwa kuti achenjeze anthu ndi kulimbana ndi udzudzu. Ku Puerto Rico mu 2016, pofika mwezi wa June, pafupifupi munthu mmodzi mwa opereka magazi 100 ankapezeka ndi Zika, matenda amene amachititsa mwana kubadwa ndi mutu waung'ono. Chiŵerengerocho chinasonyeza kuti amayi oyembekezera ali pangozi.

Kuno kwathu mdani wamkulu ndi malungo. Akulu ambiri amayenda ndi tizilombo ta malungo osadziŵa, koma mwana akadwala magazi amamuthera msanga, ndipo kuti apulumuke amafunika kumuwonjezera ena. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, limene linakhazikitsidwa mu 2003, limatolera ndi kupima magazi ameneŵa.

Tsono kumbukirani izi:

1. Limbikitsani abambo ndi achinyamata athanzi kupereka magazi.
2. Gonekani ana m'masikito usiku uliwonse.
3. Kwirirani zithaphwi ndi zitini, ndipo vundikirani mitsuko ya madzi.
4. Mwana akatentha thupi, kapena zikhato zake zikayera, fulumirani naye ku chipatala tsiku lomwelo.
5. A zaumoyo akalengeza kuti matenda abuka, mverani malangizo awo.

Mukafika ku mudzi, mukauzeko anzanu amene sanabwere lero.