WAILESI NDI NKHONDO YA KUTSIDYA KWA FEIRA

Mau amene analankhulidwa kwa anchito a m'makomboni a Lusaka

Ambiri a inu munabadwira ku Feira kumene boma licha Luangwa, ndipo ena muli ndi makolo kumeneko. Mudziwa kuti munthu akaima pamene Luangwa athira m'Zambezi aona maiko atatu ndi maso ace. Kutsidya kwa Luangwa kuli Zumbo, dziko la Mozambique. Kutsidya kwa Zambezi kuli Kanyemba, m'dziko limene kale linali Southern Rhodesia. Tsono lero tifuna kukamba za wailesi pa nthawi imene maiko awiri aja anali pa nkhondo.

Wailesi inafika m'nyumba za anthu akuda ndi kabokosi kooneka ngati poto, kamene anayamba kugulitsa m'caka ca 1949 pa mtengo wa mapaundi 5, batire pambali. Ubwino wace unali wakuti kanali kugwira mau ocokera kutali. Munthu atapotoza pang'ono anali kucoka ku Lusaka nafika ku London kapena ku Dar es Salaam. Cimeneci ndico cimene maboma a nkhanza anadzaopa koposa.

Dziko la Portugal linalamulidwa ndi Salazar kuyambira 1932 kufikira 1968, ndipo atadwala iye analowa Marcello Caetano. Kumeneko nkhani iri yonse inali kupita kaye kwa munthu wa boma wokhala ndi pensulo ya buluu, ndipo cimene iye wadula sicinali kuturuka m'nyuzipepala kapena pa wailesi. Apolisi a kabisira ochedwa PIDE, amene mu 1969 anawasintha dzina kukhala DGS, anali ndi akapirikoni ao m'midzi ndi m'malo a nchito. Pamene FRELIMO inatsegulanso nkhondo m'cigawo ca Tete mu March 1968, wailesi ya ku Lourenço Marques, imene inali kulankhulanso m'zinenero za anthu akuda, inali kunena kuti dziko liri pa mtendere, kungoti pali zigawenga zowerengeka zocokera kunja. Anthu anawacotsa m'midzi ya makolo ao nawaunjika m'misasa yolondedwa ndi asilikari, ndipo wailesi inati awamangira midzi ya citukuko. Koma othawa amene anali kuoloka kulowa m'Zambia ndi ana kumbuyo ndi mitolo pamutu anali kukamba zina. Kodi munthu athawa citukuko usiku?

Ku Salisbury nako, Ian Smith atalengeza ufulu wa Rhodesia popanda cilolezo ca Angerezi pa 11 November 1965, anaika anthu odula nkhani. Nyuzipepala ya Rhodesia Herald inayamba kuturuka ndi malo oyera opanda mau, kuti owerenga aone okha pamene padulidwa. Angerezi anamanga makina a wailesi ku Francistown m'dziko la Bechuanaland kuti nkhani za BBC zimveke bwino m'Rhodesia, ndipo Smith anaika makina ace osokoneza mau. Pofika 1968 Angerezi anatseka makina aja. Pambuyo pace boma la Smith linapeza nzeru ina yocenjera: kufalitsa kumidzi mawailesi ocipa a FM okha, amene sagwira mau a kutali.

Tsono pano tifuna kukhalapo pang'ono, pa nkhani ya mtola nkhani mmodzi, Peter Niesewand. Iye anali mzungu wobadwira ku South Africa, wokhala ku Salisbury, ndipo anali kutumiza nkhani ku BBC ndi ku nyuzipepala ya Guardian. Cakumapeto kwa 1972 anauza dziko kuti asilikari a Smith anali kulowa m'cigawo ca Tete kukathandiza Apwitikizi. Anthu a m'mbali mwa Zambezi sanafunikire wailesi kuti adziwe zimenezo, popeza ndege zinali kupita pamwamba pa mitu yao. Koma ku Salisbury kunena poyera cimene msodzi ali yense anali kucidziwa unali mlandu. Mu February 1973 anamgwira namtsekera yekha m'cipinda masiku 73. Mlandu wace anauzenga zitseko ziri zotseka, namgamula zaka ziwiri za nchito ya kalavula gaga, caka cimodzi coimikidwa. Khoti lalikuru linafafaniza cilango cimeneco, koma boma silinamlole kubwerera kunyumba kwace. Mu May anamkweza ndege ya ku London.

Taonani mmene bwalo limeneli linagwirira nchito. Sanafunikire kumanga atola nkhani onse. Anamanga mmodzi, ndipo otsala anayamba kudzidula okha, pakuti mtola nkhani wa kunja akhala m'dziko ndi cilolezo ca boma limene akulinena. Akanena zonse amthamangitsa, ndipo mawa palibe wonena. Akakhala cete kuti asunge malo ace, ndiye kuti wasanduka wanchito wa boma lomwelo wosalipidwa. Inu amene munaonapo mnzanu akucotsedwa nchito cifukwa cofunsa za malipiro mudziwa mmene fakitale yonse ikhalira zii m'mawa mwace.

Pamene Niesewand anali kubvutika motere, nkhani yoopsa koposa inali itabisika. Pa 16 December 1972 asilikari a Apwitikizi anapha anthu pafupifupi 400 ku Wiriyamu ndi midzi yoyandikana nayo, kufupi ndi tauni ya Tete. Munalibe mtola nkhani m'midzi imeneyo. Opulumuka ndiwo anafotokozera ansembe a ku Spain, ansembe analemba maina a akufa naturutsa mapepala mobisa, ndipo Bambo Adrian Hastings anapereka nkhaniyi ku nyuzipepala ya The Times imene inaisindikiza pa 10 July 1973, kutatsala sabata limodzi kuti Caetano akaceze ku London. Apo mawailesi a maiko anaitola. Boma la ku Lisbon linayankha kuti mudzi wa dzina limenelo kulibe. Panapita zaka 50 kufikira nduna yaikuru ya Portugal, António Costa, anapepesa ku Maputo mu 2022.

Sitifuna kuti mucoke pano muli kuganiza kuti wailesi ya ku London inali mngelo. Werengani miyezi: kucokera December kufika July. Mau a amai amene anaona ana ao akuphedwa sanamveke kufikira mzungu wa ku England atawabvomereza. Ndiponso dzina la Niesewand tilidziwa cifukwa anali ndi anzace a mphamvu omlirira kunja, pamene Aafirika ambirimbiri anakhala m'ndende za Machava ndi Gonakudzingwa popanda wailesi yochula maina ao. Ncifukwa cace zipani zomenyera ufulu zinafuna mau aoao. FRELIMO inali kulankhula pa wailesi ya ku Dar es Salaam, ndipo kuyambira 1973 Radio Zambia inapereka nthawi kwa FRELIMO, ZAPU, ZANU ndi ena. Iwonso, tinene zoona, anali pa nkhondo, ndipo sanali kuwerenga akufa a mbali yao mokweza.

Codabwitsa ncakuti boma limene linamanga wailesi pakamwa linagwa ndi wailesi yomweyo. Usiku wolowa 25 April 1974 nyimbo ziwiri zoimbidwa pa mawailesi a ku Lisbon ndizo zinali cizindikiro kwa asilikari kuti aturuke m'misasa, ndipo dzuwa lisanalowe Caetano anali atagonja. Pa 7 September caka comweco, tsiku limene pangano la ufulu wa Mozambique linasainidwa muno m'Lusaka, atsamunda okana kugonja ku Lourenço Marques anathamangira kukalanda nyumba ya wailesi. Anaigwira masiku owerengeka cabe.

Koma kwa anthu a ku Feira nkhondo siinathere pamenepo. Mu 1976 ku Gwelo m'Rhodesia kunayamba wailesi yolankhula Cipwitikizi yodzicha Voz da África Livre, ndiko kuti mau a Afirika womasuka, yonyoza boma la Samora Machel. Nayonso inali wailesi ya kunja, yodzionetsa ngati bwenzi lonena zimene boma libisa. Anthu a ku Mozambique anaipatsa dzina lace loyenera, Rádio Quizumba, wailesi ya fisi.

Ndipo pa 6 March 1978 ndege ndi asilikari a Smith anaoloka Zambezi nagwera Kavalamanja, m'boma lathu lomwelo la Luangwa, kumene kunali msasa wa ZIPRA. Ku Salisbury analengeza kuti akantha zigawenga zisanaoloke. Ku Kavalamanja anafa asilikari a Zambia ndi anthu a m'mudzi, ndipo otsala anasiya nyumba, minda ndi mabwato ao nathawa. Ena a iwo akali moyo, ndipo caka ndi caka mwezi wa March anthu asonkhana kumeneko kukumbukira. Inu amene mupita kumudzi pa chuti, kakhaleni nao pansi muwafunse cimene anaona tsiku lija, ndi cimene anamva pa wailesi madzulo ace.