Ndalama ya Msilamu: yachokera kuti, yapita kuti?

Chidule cha khutba ya Lachisanu

Tikumutamanda Allah Subhanahu wa Ta'ala amene anatilenga, natipatsa nyanja, nthaka ndi manja ogwirira ntchito. Madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wake Muhammad (SAW), akubanja kwake, maswahaba ake ndi onse owatsatira kufikira Tsiku la Chiweruzo.

Abale ndi alongo athu olemekezeka m'Chisilamu, tikudzilangiza tokha ndi kukulangizani inu kuti timuope Allah poyera ndi mseri. Lero tikamba za ndalama, nkhani imene ambiri timachita nayo manyazi mu mzikiti chonsecho ndiyo imatisowetsa tulo kunyumba.

Alipo ena pakati pathu amene amaganiza kuti munthu woopa Allah ayenera kukhala wausiwa, ndi kuti kukamba za malonda ndi kukonda dziko. Maganizo amenewa sachokera m'Qur'an. Mu Surah Al-Jumu'ah, surah ya tsiku lomwe lino, ndime 9 ikutilamula kusiya malonda pamene adhana yamveka, ndipo ndime 10 ikutiuza kuti swala ikatha tibalalike kukafunafuna zabwino za Allah. Mulungu amene watiitanira ku mzikiti ndi yemweyo akutibwezera ku msika, kudimba ndi kudoko.

Taonani nsanamira zisanu za Chisilamu. Ziwiri mwa izo, Zakaat ndi Hajj, sizitheka popanda chuma. Nsalu yobisa maliseche pa swala ndi yogula. Mahari a ukwati, chakudya cha ana, sanda ya maliro, mphoto ya mwalimu wa madrassa ndi galimoto yotengera mayi woyembekezera kuchipatala usiku, zonsezi zimalira ndalama. N'chifukwa chake Imam Al-Ghazali, amene anamwalira m'chaka cha 1111, powerenga zinthu zisanu zimene Shariah inadzera kudzateteza, anatchula chipembedzo, moyo, nzeru, mtundu wa ana ndi chuma. Pamene chuma chasowa, zinayi zinazo zimagwedezeka: wodwala amakhala osalandira chithandizo, mwana amasiya sukulu, mtsikana amakwatiwitsidwa asanakhwime, ndipo munthu wanjala amayesedwa kugulitsa ngakhale chikhulupiriro chake.

Maswahaba anaimvetsa bwino nkhaniyi. M'chaka cha 622, pa nthawi ya Hijra, Abdur-Rahman bin Awf (RA) anafika ku Madina atasiya katundu wake ku Makka. Mtumiki (SAW) anamulumikiza pa ubale ndi Sa'd bin Rabi' (RA), amene anafuna kumugawira theka la chuma chake. Abdur-Rahman anamupemphera madalitso, napempha kuti angomulozera njira ya ku msika. Anayamba ndi malonda aang'ono a mafuta a mkaka, ndipo pomwalira anali mmodzi mwa olemera a Madina amene amasiye ndi osauka ankadalira. Abu Bakr (RA) anagula Bilal (RA) kwa mbuye amene ankamuzunza pa mchenga wotentha, namupatsa ufulu. Uthman bin Affan (RA) anagula chitsime cha Ruma kuti anthu azitunga madzi kwaulere, ndipo m'chaka cha 630 anakonzekeretsa gulu lopita ku Tabuk ndi ngamira zambiri. Mayi wathu Khadija (RA) anali wamalonda, ndipo chuma chake chinachirikiza Chisilamu m'zaka zake zoyamba. Onsewa akanakhala opanda kanthu, Bilal akanamuombola ndani?

Koma Qur'an yomweyo, mu Surah Al-Qasas, ikutikumbutsa za Qarun, munthu wa mtundu wa Mtumiki Musa (AS). Iye anadzitukumula kuti chuma chake anachipeza ndi nzeru zake, ndipo nthaka inamumeza pamodzi ndi nyumba yake. Kusiyana kwa Uthman ndi Qarun kunali pa mtima: wina anadziwa kuti wangosungitsidwa, winayo anadziyesa mwini. Mtumiki (SAW) anatiphunzitsa kuti pa Tsiku la Chiweruzo, pa nkhani ya chuma, munthu adzafunsidwa mafunso awiri: mmene anachipezera ndi mmene anachigwiritsira ntchito. Tiyeni tidzifunse mafunsowa lero tikadali ndi mpweya.

Funso loyamba: yachokera kuti? Ntchito iliyonse ya halaal ndi yolemekezeka. Mtumiki (SAW) anaweta mbuzi ndi nkhosa za anthu a ku Makka polandira malipiro, ndipo anatiuza kuti kutola nkhuni ndi kukagulitsa n'kwabwino kuposa kupemphetsa. Tsono mnyamata wopalasa kabaza, mayi woyanika usipa pa thandala ndi bambo wosoka ukonde asadzione opepuka. Chochititsa manyazi ndi ndalama ya haraam. Surah Al-Mutaffifin ikuopseza ochepetsa muyeso. Ife amene timagula mpunga ndi chimanga kwa alimi ndi sikelo yokhota, kapena kupinda chigoba cha ndowa pogulitsa usipa, tidziwe kuti surayi ikunena ife. Mwini chilimira amene amabisa mtengo weniweni wa nsomba kuti achepetse gawo la anyamata amene agona panyanja usiku wonse, akudya thukuta la mnzake. Ndipo iye amene amauza mayi wogula nsomba kuti ayambe wamupatsa thupi lake, wasonkhanitsa chinyengo, chiwerewere ndi matenda m'bwato limodzi.

Ganiziraninso za nyanja yeniyeniyo. Akuluakulu amene muli pano mukukumbukira mmene chambo chinaliri chochuluka m'nyanja ya Malombe chisanazilale kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Tikakokera maukonde a udzudzu m'madzi, kapena kupha nsomba m'nyengo yotseka pamene zikuswana, ndalama ya tsikulo taiba m'thumba la adzukulu athu. Anthu a ku chilumba cha Mbenji ku Salima akhala akutseka malo awo miyezi ingapo chaka ndi chaka pansi pa mfumu yawo, ndipo nsomba sizinawathere. Kusunga nyanja ndi mbali ya kusunga chuma.

Funso lachiwiri: yapita kuti? Apa ndi pamene ambirife timagwa. Usipa ukaphedwa bwino, kapena mwana akatumiza ndalama kuchokera ku Joni, m'mudzi mumamveka phokoso la wailesi yatsopano. Ena amathera ndalama pobetcha mpira pa foni, kumene ndi juga yoletsedwa mu Surah Al-Ma'idah ngakhale yavala chovala chatsopano. Ena amaonjezera mkazi pamene woyamba alibe sopo. Ikafika Januwale, nkhokwe ili pululu, mphepo yaletsa bwato, fizi ya ana yafunika, ndiye timathamangira kwa wakatapira. Wabwereka K50,000, pakutha pa mwezi akufuna K75,000. Ukalephera, amatenga njinga, kenako ukonde, kenako munda. Imeneyi ndi riba, ndipo Surah Al-Baqarah ikuiletsa ndi mawu aukali. Mtumiki (SAW) ankapempha kawirikawiri kuti Allah amuteteze ku ngongole, ndipo anafotokoza kuti wangongole amayamba kunama ndi kuphwanya malonjezo.

Njira yotulukira ilipo. Mtumiki Yusuf (AS) analangiza mfumu ya ku Iguputo kuti isunge chakudya cha zaka zisanu ndi ziwiri za dzinthu podikira zaka zisanu ndi ziwiri za chilala. Kusunga sikutsutsana ndi kuyedzamira kwa Allah. Amene munaona njala ya 2002 ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 mukudziwa kuti tsoka silitumiza kalata. Tiphunzirenso pa zimene zinachitika mu Novembala 2023 pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti: ndalama yobisa pansi pa mphasa inachepa mphamvu mwiniwake ali m'tulo. Gawo lina la phindu tiziliika pa mbuzi, pa malata, pa munda ndi pa maphunziro a ana, aamuna ndi aakazi omwe, a sukulu ndi a madrassa. Chipereganyu chopanda chiongola dzanja n'chololedwa, ndipo pang'onopang'ono ndi mtolo. Tikakongozana, tilembe ndi kuika mboni. Ndime yaitali kuposa zonse m'Qur'an, Al-Baqarah 282, ikukamba za kulemba ngongole. Maubale ambiri m'midzi yathu atha chifukwa chongokhulupirirana pakamwa.

Oyamba kudya ndalama yathu akhale a m'nyumba mwathu. Pamene Sa'd bin Abi Waqqas (RA) anadwala nafuna kupereka chuma chake chochuluka pa swadaka, Mtumiki (SAW) anamulola gawo limodzi mwa magawo atatu lokha, namuuza kuti kusiya ana ake ali ndi kanthu n'kwabwino kuposa kuwasiya akutambasulira manja kwa anthu. Inu amene muli ku Joni, musaiwale mkazi ndi ana amene munawasiya. Inu amene mumalandira, kumbukirani kuti mwana wanuyo akugona m'kachipinda kozizira kuti atumize. Musamuonetse maziko okha patapita zaka zisanu. Ndipo ndalama imene mayi wapeza pa geni yake kapena pa mahari ake ndi yake. Mwamuna alibe ufulu woilanda.

Potsiriza, m'chuma chathu muli gawo la ena. Amene wasunga ndalama kapena katundu wamalonda wofika mtengo wa magalamu 85 a golide kapena 595 a siliva kwa chaka chathunthu cha Chisilamu, apereke 2.5 peresenti: pa K1,000,000 iliyonse ndi K25,000. Mlimi amene wakolola chimanga chofika pafupifupi makilogalamu 650, amene ndi matumba 13 a makilogalamu 50, apereke gawo limodzi mwa khumi ngati ndi cha mvula, kapena theka lake ngati anathirira ndi mphamvu zake: pa matumba 20, awiri kapena limodzi. Wa mbuzi 40 apereke imodzi. Surah At-Tawbah ndime 60 yatchula magulu asanu ndi atatu oyenera kulandira, ndipo angongole alimo. Zakaat ya m'mudzi muno ikanaperekedwa mokwanira, ndi angati akanapulumuka kwa wakatapira? Amene sanafike pa mlingo umenewu asadandaule. Mbale ya usipa kwa mayi wamasiye ndi swadaka. Makolo athu anati kupatsa n'kuika.

Abale athu, usiku uno aliyense akhale pansi ndi wakunyumba kwake, awerenge zimene zalowa mwezi uno ndi kumene zapita. Chimene chalowa mwa haraam chibwezedwe kwa eni ake mwiniwe akadali moyo.

Tikumupempha Allah atipatse riziki la halaal lokwanira, atitalikitse ku ngongole ndi katapira, adalitse nyanja yathu ndi minda yathu, ateteze ana athu amene ali kutali, ndipo atikhululukire ife ndi makolo athu. Ameen.